Mayiko a D&D amene ndayendetsapo patebulo, ndi lomwe ndingagulenso

Pali funso lomwe anthu ongoyamba kumene u-DM (Dungeon Master, woyendetsa gemu ya Dungeons & Dragons, D&D mwachidule) amakonda kundifunsa, loti "ndigule buku la dziko liti kuti ndiyambe kampeni?" (kampeni ndi nkhani yaitali yomwe gulu limasewera maulendo ambiri) nde ine ndimayamba ndaseka kaye, osati kumuseka munthuyo ayi, koma ndimadzikumbuka ndekha nthawi yomwe ndinkaganiza kuti dziko labwino ndi lomwe buku lake ndi lonenepa kwambiri, mafumu mbwee, milungu yosawerengeka, mapu oti ukawatambasula tebulo lonse latha. Ndinawerenga mpaka maso kuwawa, kuloweza mayina a mitsinje yoti osewera anga sanaiwolokepo olo tsiku limodzi. Pano ndinasintha, ndimayesa ndi zinthu ziwiri basi. Anthu akhala pansi, madayisi ali patebulo, mapepala a makalakita adzazidwa, kenako wina akukuyang'ana nkuti "nde tipange chani?" kodi dzikolo limakuthandiza kuyankha pompo kapena uyamba kuvundukula masamba? Chinacho, kodi dzikolo lawasiyira malo osewerawo kuti akhale anthu ofunika, kapena mipando yonse yakutsogolo inakhalidwa kale ndi ngwazi za eni ake?

Kwa amene mwangobwera kumene, malamulo a gemu ndi china, dziko ndi chinanso. Malamulo amakuuza kuti ponya d20 (dayisi ya mbali 20), onjeza nambala yakuti, ukafika pakuti wamenya. Dziko, lomwe ambiri timangoti setting, ndi lomwe limakuuza kuti uli kuti, akukuda ndani, ukaba hatchi akugwira ndani, ukafa mzimu wako ulowera kuti. Dungeons & Dragons inatuluka mu 1974, ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo chiyambire pamenepo mayiko atuluka ochuluka zedi, ine ndikamba okhawo amene ndakhalapo nawo patebulo.

Tiyambe ndi Forgotten Realms poti ndi komwe pafupifupi aliyense amayambira, afune asafune. Ed Greenwood wa ku Canada anayamba kulipeka ali kamnyamata m'zaka za m'ma 1960, D&D isanabadwe nkomwe, kenako kampani ya TSR, eni ake a gemuyi nthawi imeneyo, inadzatulutsa bokosi lake loyamba mu 1987. Kuyambira 2014 pomwe edishoni yachisanu inabwera, ma adventure (nkhani zokonzeratu zoti musewere) ambiri a Wizards of the Coast, eni ake a gemuyi pano, amachitikira konko, makamaka chigawo cha Sword Coast komwe kuli Waterdeep, Neverwinter ndi Baldur's Gate. Ubwino wake ndi woti sutaya malovu kufotokoza. Munthu akati ndikufuna elf woponya mivi, alipo. Wina dwarf chidakwa wankhwangwa, alipo. Wina akufuna wanyanga ndi mchira womwe, khala pansi aise, tiefling alipo. Ndipo chitulukireni gemu ya pakompyuta ya Baldur's Gate 3 ya Larian Studios mu 2023 anthu akumabwera akudziwa kale kuti chilombo chotchedwa mind flayer ndi chani, ntchito ya DM yapepuka heavy.

Lost Mine of Phandelver ya mu Starter Set ya 2014 ndimaikondabe mpaka lero. Imayamba mophweka, mukuperekeza ngolo ya katundu, mwapeza mahatchi awiri akufa pamsewu mivi ili m'thupi, musanamalize kufunsana kuti chachitika nchani ma goblin akutulukirani m'tchire. Mphindi khumi zisanathe anthu akuponya kale madayisi. Kenako kuli ka tauni ka Phandalin komwe zigawenga za Redbrands zikuvutitsa anthu, kakang'ono koti DM amakaloweza usiku umodzi. Ku Waterdeep nako kuli malo amene ndimaona kuti ndi amodzi mwa maganizo anzeru kwambiri mu D&D yonse, bala ya Yawning Portal, pakati penipeni pa chipinda chomwera pali chitsime chachikulu chakuya mafiti 140 cholowera ku Undermountain, mapanga a zilombo a pansi pa mzindawo, mwini wake Durnan amakulipiritsa kandalama kamodzi kagolide nkukutsitsa ndi chingwe, anthu akumwa nkumabetcherana kuti ubwerako wamoyo kapena ayi. Apa funso lija la "tipange chani" layankhidwa ndi chitsime, DM sunatsegule pakamwa.

Koma vuto la dziko limeneli ndi kudzadza. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Tinali ku Waterdeep, ine ndinangopeka kuti wolamulira mzindawo ndi nkhalamba ina yadyera yomwe ndinkafuna idzakhale mdani wawo kutsogolo, nde mnzanga wina amene amawerenga mabuku amenewa ngati akukalemba mayeso anangoti "ayi man, Open Lord pano ndi Laeral Silverhand, analowa mmalo mwa Dagult Neverember." Ndipo sananame, ndi zoona. Mphindi 20 zinathera pa foni anthu akufufuza kuti walondola ndani. Titagwirizana kuti chabwino ndi Laeral yemweyo, wina nkuponya lina, "nanga ngati mayiyu ndi wamatsenga wamkulu chonchi bwanji osangokamuuza athane nazo yekha, ife a levo 3 tikuvutikiranji?" Ndinasowa chonena kkkk. Ndi mmene Faerûn, kontinenti yaikulu ya Forgotten Realms, alili, kuli wamatsenga wamkulu Elminster, kuli ngwazi ya malupanga Drizzt Do'Urden, kuli gulu lachinsinsi la ma Harpers ali ndi maso paliponse, ndiye nthawi zonse umakhala ukupeka zifukwa zoti akuluakuluwa atanganidwa kwina. Onjezanipo kuti mbiri yake imagwedezeka edishoni ikasintha, mu chaka cha 1358 pa kalendala yawo milungu inagwetsedwa pansi nkumayenda ngati anthu, mu 1385 kunabwera mliri wa matsenga wotchedwa Spellplague, edishoni yachinayi ya 2008 inalumpha zaka pafupifupi 100 kufika 1479, kenako yachisanu nkubwezanso zambiri mmene zinalili kale. Ukagula buku lakale lokongola la Faerûn uyambe wafunsa kuti likukamba za chaka chiti, apo ayi upeza mulungu amene ukumudalira anafa kalekale kapena anadzukanso iwe osadziwa. Malangizo anga kwa ofuna dziko ili ndi oti tengani ka chigawo kamodzi, muwauze osewera tsiku loyamba kuti patebulo pano chomwe ndanena ine ndiye mbiri, basi.

Greyhawk ndidutsapo mwachangu. Linali dziko la Gygax mwini wake lomwe ankaseweretsa anzake ndi ana ake, linasindikizidwa mu 1980 ngati kabuku kopyapyala ndi mapu awiri akuluakulu, ndipo mayina omwe mumawaona pa ma spell aja, Mordenkainen, Bigby, Tenser, anali makalakita a patebulo limenelo. Mu Dungeon Master's Guide ya 2024 analibweretsanso ngati chitsanzo cha mmene ungakonzere kampeni, mutu umodzi wokha. Kupyapyala kwakeko ndiye ubwino wake, amakuuza kuti kumpoto kuli Iuz, chimunthu choipa chomwe ndi theka chiwanda theka munthu koma chinasanduka kamulungu, kummwera kuli a Scarlet Brotherhood akuluka ziwembu, pakati pali Free City of Greyhawk, zotsalazo dzadzamo wekha. Kwa DM ndi bho kwambiri. Koma kuwakopa osewera ndi ntchito, amakufunsa kuti zikusiyana pati ndi Faerûn, iwe nkumachita chibwibwi, chifukwa kunena zoona pamaso pa wosewera watsopano ndi malupanga ndi ma elf omwewo.

Tsopano Eberron, apa ndichedwapo chifukwa ndi lomwe linandigwira mtima. Mu 2002 Wizards of the Coast inachititsa mpikisano woti aliyense atumize ganizo la dziko latsopano patsamba limodzi, analowa opitirira 11,000, anapambana Keith Baker, buku nkutuluka mu 2004. La edishoni yachisanu, Eberron: Rising from the Last War, ndi la 2019, ndi lomwe ndimagwiritsa ntchito. Dziko lonseli laima pa funso limodzi, ngati matsenga amagwiradi ntchito tsiku ndi tsiku osaphonya, anthu angalephere bwanji kuwasandutsa bizinesi? Nde kuno nyali za m'misewu ndi zamatsenga, kuli sitima ya lightning rail yoyandama pamwamba pa miyala yamatsenga yondandalikidwa m'njira yonse, kuli zombo zouluka zomwe amazimangirira chimzimu cha moto kapena cha mphepo chozungulira ngati mphete. Mabizinesi amenewa ali m'manja mwa mabanja omwe ana awo ena amatuluka chizindikiro pakhungu chotchedwa dragonmark, zizindikiro zake zilipo 12. A House Orien ndi a sitima, a Lyrandar zombo, a Kundarak mabanki, a Sivis otumiza mauthenga, a Jorasco zipatala ndipo sachiza munthu ulele, a Cannith ndi amisiri opanga zinthu. Anthu ena akamva sitima amati aaa ndi steampunk imeneyo, ayi ndithu, mulibe nthunzi mulibe malasha, ndi matsenga okhaokha ogulitsidwa ngati katundu wina aliyense.

Koma mtima wa Eberron si sitima, ndi nkhondo. Ufumu wa Galifar unagawanika mfumu Jarot itamwalira mu 894 pa kalendala yawo, ana ake nkuyamba kulimbirana mpando, mayiko asanu, Aundair, Breland, Cyre, Karrnath ndi Thrane, anamenyana zaka zoposa 100. Kenako mu 994, tsiku limodzi lokha, dziko lonse la Cyre linafafanizika, nkhungu yotuwa inakuta malire ake onse, anthu ake kufa, pano amalitcha Mournland. Palibe anapambana nkhondoyo, aliyense anangochita mantha kuti mwina mawa ndi ife, nde mu 996 anasainirana pangano la Thronehold. Kampeni imayamba mu 998, zaka ziwiri zokha chitheretu nkhondo. Tangoganizani zomwe zimenezi zimampatsa wosewera, kalakita aliyense ndimangomufunsa funso limodzi, pa nthawi ya nkhondo unali kuti? Basi mbiri yake yatuluka yokha, wina anali msilikali, wina anathawa usilikali, wina ankagulitsa zida mbali zonse ziwiri, wina ndi wa ku Cyre alibenso kwawo. Ndipo chomwe ndimawavulira chipewa eni ake ndi choti chomwe chinawononga Cyre sanalembe m'buku lililonse, anasiya dala kuti DM aliyense asankhe yekha. Chaka nachonso sachisuntha, mu 2004 chinali 998, mu 2019 ndi 998 yemweyo. Mnzanga wowerenga uja sangandiuze kuti ndalakwitsa, palibe poti akafufuze.

Seshoni yomwe sindidzaiwala inachitikira ku Sharn, mzinda wa nsanja zitalizitali komwe olemera amakhala pamwamba kuwala kuli ngwee, osauka pansi penipeni komwe dzuwa silifika. Mmodzi mwa osewera anga anali ndi warforged, awa ndi asilikali opangidwa ndi mtengo, mwala ndi chitsulo omwe a Cannith ankapanga nkumagulitsa, koma ali ndi maganizo ngati munthu, pangano la Thronehold linawamasula nkulamula kuti ng'anjo zowapangira zitsekedwe. Wake anamutcha Msomali, zaka zinayi zakubadwa, ndipo ziwiri mwa zinayizo anathera kunkhondo. Analowa m'kashopu kena ku High Walls komwe kumakhala othawa kwawo a ku Cyre kukafunsa njira basi, ine ndinangoti mayi wogulitsayo wayang'ana chizindikiro cha gulu la nkhondo chomwe chili paphewa pake, wasiya kupukuta kauntala, nkuti "mwana wanga anaphedwa ndi a chizindikiro chimenecho, tuluka." Ndinkayembekezera kuti aponya dayisi ya Persuasion (kunyengerera) kapena Intimidation (kuopseza) ngati mwa nthawi zonse. Mnyamata uja anangokhala duu, kenako ndi mawu otsika nkuti "Msomali akufunsa dzina la mwanayo." Tebulo lonse zii, olo uja wokonda nthabwala sanatsegule pakamwa. Usiku umenewo sitinaponye dayisi kwa mphindi ngati 30, ndipo sindinakonzekere chilichonse cha zimenezi, dzikolo ndi lomwe linandipatsa.

Za akuluakulu odzapulumutsa anthu kuno kulibe. Anthu a levo yapamwamba ndi osowa, ndipo ochepa amene alipowo ali ndi chowamanga, chitsanzo Jaela Daran mtsogoleri wa chipembedzo cha Silver Flame ndi kamtsikana ka zaka 11 komwe mphamvu zake zazikulu zimagwira kali m'kachisi wa ku Flamekeep mokha. Milungu nayo siyenda pansi, palibe angatsimikize kuti ilikodi, moti wansembe atha kukhala wakatangale mphamvu zake nkumagwirabe ntchito. Zofooka zilipo, ndisakunamizeni. Mayina ndi ambiri ndipo ena ndi oluma lilime, seshoni yoyamba umakhala ngati mphunzitsi wa mbiri yakale. Ma adventure okonzeratu a edishoni yachisanu ndi ochepa ukayerekeza ndi a Faerûn, nde zambiri ukonza wekha. Komanso alipo anthu amene amangofuna msilikali wa pahatchi ndi chinjoka cha kuphiri, ukawatchulira nyuzipepala ndi tikiti ya sitima nkhope imagwa, amenewo musawakakamize.

Ravenloft ndi nyama ina. Inayamba ngati adventure imodzi ya Tracy ndi Laura Hickman mu 1983, mu 1990 nkukhala dziko palokha, ndipo ambiri lero amaidziwira ku Curse of Strahd ya 2016. Kuno mapu ndi aang'ono dala, chigwa cha Barovia, midzi itatu yokha, Barovia, Vallaki ndi Krezk, nkhungu kuzungulira konse yoti ukalowamo kuti uthawe imakufooketsa mpaka ubwerere, ndiye pamwamba pa thanthwe pali nyumba yachifumu ya Strahd von Zarovich, vampire mwini dziko. Pa funso lija la "tipange chani" palibe dziko lomwe limaliposa ili, chifukwa yankho likuwoneka pawindo, mukufuna kutuluka ndipo amene watseka chitseko ndi uyo ali apoyo. Chinanso chokoma ndi makhadi a Tarokka, wolosera wina dzina lake Madam Eva amakuyalirani makhadi asanu, atatu amanena komwe kwabisika zinthu zitatu zomwe mukufunika, limodzi amene adzakuthandizeni, lomaliza chipinda chomwe mudzakumanirane ndi Strahd kotsiriza. Ndiye kuti magulu awiri atha kusewera buku lomwelo nkuyenda njira zosiyana. Ine ndinazimitsa magetsi nkuyatsa kandulo imodzi poyala makhadiwo, zachibwana eti, koma anthu anasendera pafupi okha.

Strahd amakoma chifukwa sadikira kumapeto ngati mabwana a magemu ena, amabwera, amacheza nanu, amakuyesani. Tsiku lomwe ndinawapatsa kalata yowaitanira ku chakudya chamadzulo kunyumba kwake, ndinailemba pamanja nkuimata ndi phula, anakangana pafupifupi ola lathunthu kuti tipite kapena tisapite, ine ndangopinda manja kumvetsera. Ndalama ya bukulo inabwerera usiku umenewo. Koma chenjerani, Barovia amatopetsa mtima. Kulibe dzuwa lenileni, kulibe nthabwala zambiri, aliyense amene mwamukonda china chake chimamuchitikira, ndiye ikadutsa miyezi isanu ndi umodzi anthu amayamba kufunsa kuti kodi kuno kuli chabwino chilichonse? Ndi dziko la kampeni imodzi yokhala ndi mathero, levo 1 mpaka 10, mukatuluka mwatuluka. Death House, nyumba ya mizukwa yomwe mutha kuyambira mu Curse of Strahd, imapha makalakita atsopano mosanyengerera, ifewetseni ngati gulu lanu ndi la ongoyamba. Ndipo musanayambe khalani pansi mufunsane zomwe wina sangafune kumva patebulo, muli nkhani za ana ovutika ndi za mwamuna wosamva kukanidwa, si aliyense amabwera ku gemu kudzakumana ndi zimenezo. Van Richten's Guide to Ravenloft ya 2021 ili ndi madera ena opitirira 30, lililonse ndi mwini wake wotembereredwa, ndi yabwino kutolamo maganizo koma dera lililonse analipatsa masamba ochepa, ntchito yambiri ikhala yako.

Dark Sun ndiye amandisangalatsa pa chifukwa chosiyana ndi onsewa, mayiko ena amakopa ndi zomwe awonjezera, ili limakopa ndi zomwe lachotsa. Linatuluka mu 1991, la Timothy Brown ndi Troy Denning, zithunzi za Brom zomwe ukangoziona umamva kutentha. Athas, dziko la Dark Sun, ndi chipululu, ndipo chinasanduka chipululu chifukwa cha matsenga, wamatsenga akamaponya spell amayamwa moyo wa zomera zomuzungulira, wosamala amatenga pang'ono, wadyera amene amamutcha defiler amasiya bwalo la phulusa pomwe sipameranso kanthu kwa zaka. Milungu kulibe. Chitsulo ndi chosowa moti malupanga ndi a mafupa ndi mwala wa obsidian, ndalama ndi zadothi. Mizinda ili m'manja mwa mafumu amatsenga omwe akhala zaka mazanamazana, ma halfling omwe kwina ndi tianthu tansangala kuno amadya anthu, ma elf ndi othamanga m'chipululu osadalirika pa malonda. Mu bokosi loyambalo umayambira pa levo 3 ndipo amakuuza ukonzeretu makalakita angapo chifukwa woyambayo sakhalitsa.

Ife tinasewera la edishoni yachinayi la 2010, lomwe limayambira pomwe mfumu Kalak ya mzinda wa Tyr yangophedwa kumene, ndipo mmenemo wamatsenga aliyense ali ndi mwayi wochita defile zikamuthina. Tsiku lina gulu linapanikizidwa pa kachitsime ka m'chipululu pomwe kamudzi kena kanali ndi timitengo tochepa ndi kadimba, spell ya wamatsenga wathu inaphonya, mnzake ali gone pansi magazi akutha, nde ndinangomukumbutsa kuti utha kuponyanso dayisi ukafuna, mtengo wake ukuudziwa. Anagwira d20 ija nthawi yaitali akuizunguza m'manja. Anaponya. Anapambana nkhondoyo, koma kutacha anthu a pamudzipo anangoima mozungulira phulusa lija osalankhula, ndipo kuyambira tsiku limenelo gulu lonse linkamuyang'ana mwina. Palibe chinjoka chomwe chinawaopsapo ngati mmene linawaopsera funso loti matumba a madzi atsala angati.

Vuto ndi loti kuyambira 2014 mpaka 2024, zaka khumi zonse za edishoni yachisanu yoyamba ija, buku la Dark Sun silinatuluke, ndiye ofuna kuliseweretsa ndi malamulo amenewo amasoka okha. Ndipo ndi ntchito, chifukwa ma spell ngati Create or Destroy Water ndi Goodberry amapha dziko lonseli pa levo 1, ludzu ndi njala zatha, ukuyenera kuwachotsa kapena kuwadula mphamvu, komanso psionics (mphamvu za maganizo) yomwe ili paliponse ku Athas ilibe kalasi yakeyake m'mabuku akuluakulu a edishoni imeneyo. Ukapolo nawo uli pakati penipeni pa nkhani zake, si chinthu choti ungochitchula modutsa, gulu liyambe lagwirizana kuti tikuchigwira bwanji.

Otsalawa ndingowakhudza. Planescape ya David Cook ya 1994, yomwe inabweranso mu 2023, ili ndi mzinda wa Sigil wooneka ngati mphete, khomo lililonse, windo, olo pakamwa pa mgolo patha kukhala polowera ku dziko lina ukakhala ndi kiyi yoyenera, wolamulira mzindawo Lady of Pain salola milungu kulowamo, ndipo magulu 15 a mu bokosi loyambalo amakangana za tanthauzo la moyo mpaka kutulutsirana mipeni. Ngati osewera anu amakonda kulankhula kuposa kumenya, ndi kwawo kumeneko. Anga anasochera seshoni yachitatu, makomo anachuluka, aliyense akufuna lake. Dragonlance ya 1984 ndi yokongola koma nthawi zonse ndimamva ngati nkhani yaikulu inachitika kale ndi anthu ena, ife tikungoyenda m'mapazi mwawo.

Kunja kwa D&D, Golarion wa Pathfinder ya Paizo ndi Faerûn wokonzedwa bwino, chilichonse chilimo koma anachiika m'zipinda. Ukufuna dziko lolambira ziwanda pita ku Cheliax, ukufuna chombo cha mumlengalenga chomwe chinagwa ndi maloboti ake pita ku Numeria, mfuti ku Alkenstar, sukulu yakalekale ya matsenga ya Magaambya ku Mwangi Expanse. Mulungu Aroden anafa mu 4606 pa kalendala yawo, maulosi onse nkusiya kukwaniritsidwa, njira yochenjera youzira osewera kuti zakutsogolo palibe analemba. Malamulo ake amawerengeka ulele pa Archives of Nethys, chomwe ndi chinthu chachikulu kwa gulu longoyesa. Chofooka chake ndi choti zipindazo sizimayankhulana kwenikweni, umadabwa kuti a lupanga awa sanamvepo kuti oyandikana nawo ali ndi maloboti? Ndiye pali Old World ya Warhammer Fantasy Roleplay, yoyamba 1986, yachinayi ya Cubicle 7 mu 2018, komwe suyamba ngati ngwazi, utha kuyamba ngati wogwira makoswe ali ndi kagalu kake kolusa, matenda ndi mabala zimakupha chimodzimodzi ngati zilombo. Tinaseka kwambiri kumeneko kuposa kwina kulikonse, mwina chifukwa munthu ukakhala wopanda pake kale kufa sikuwawa.

Nde wina amene anandifunsa sabata yatha funso lija la buku loti agule ndinamuyankha chonchi, poti gulu lake ndi la anthu oti sanagwirepo d20, ayambe ndi Phandalin, asagule buku lina lililonse la Faerûn mpaka atamaliza. Akadzafuna chinthu cha miyezi ingapo choti anthu azidzachikambabe patapita zaka, Curse of Strahd. Koma mashelefu anga atapsa lero nkundiuza kuti ugulenso limodzi lokha, ndikatenga la Eberron osaganiza kawiri. Panopa tili mkati mwa kampeni yachiwiri kumeneko, Msomali akadalipo, ali levo 8, dzina la mwana wa mayi uja analilemba mkati mwa chishango chake. Chomwe chinawononga Cyre ndinasankha kalekale, ndinalemba pa kapepala nkukamata mu envelopu yomwe imakhala pansi pa bokosi la madayisi, iwo akuganiza kuti ndi a Cannith ndipo ndikuwasiya aziganiza choncho. Seshoni yapitayi inathera pomwe njanji ya lightning rail yadukira, miyala ija yasiya kuwala, kutsogolo kwawo kuli chikhoma cha nkhungu yotuwa, ndipo wansembe wawo wangokumbutsidwa kumene kuti mkati mwa Mournland matsenga ochiritsa sadalirika. Loweruka akulowa.